Tiphunzire Mawu: "Jump" ndi Abale Ake



M'kope lino titenga liwu limodzi laling'ono la Chingerezi, loti "jump". Mwana wa Sitandade 3 amalidziwa kale, ndipo mukamufunsa ayankha msangamsanga kuti ndi kudumpha. Mwanayo sadalakwe. Koma liwu lomweli mulipezanso pakamwa pa apolisi, m'nyuzipepala pa nkhani ya mitengo ya zinthu, kwa makaniko, ndiponso m'mauthenga a ana athu amene ali ku Joni, ndipo m'malo onsewa mulibe munthu amene mapazi ake achoka pansi. Kumeneko ndiye kumene kumva molakwa kumapweteka, chifukwa kwina kuli ndalama, kwina kuli ndende, kwina kuli moyo wa wodwala.

Tiyambe ndi kudumpha kwenikweni. Ife timati kudumpha, kulumpha kapena kujowa, ndipo kawirikawiri mawu atatuwa timangowasinthanitsa. Angerezi adagawa kudumphako malinga ndi m'mene thupi likuchitira. "Jump" ndiye liwu la tsiku ndi tsiku: kukankha pansi ndi miyendo n'kukhala m'malere pang'ono, kaya kupita m'mwamba, kutsogolo kapena kutsika. Ngati simukudziwa liwu loyenera, nenani limeneli, simuchita manyazi. "Leap" ndi kudumpha kwakukulu, kwamphamvu, monga gwape akamawoloka khwawa agalu ali m'mbuyo. Ndi liwu la m'mabuku, ndipo silimveka bwino ponena za mwana wodumpha ngalande ya kuseri kwa bafa. "Hop" ndi kudumpha kwakufupikufupi: munthu ndi mwendo umodzi, pamene chule kapena mpheta ndi miyendo yonse nthawi imodzi. Atsikana akamasewera phada ndiye kuti akuchita "hop", n'chifukwa chake masewerawo pa Chingerezi ndi "hopscotch", ndipo chiwala ndi "grasshopper", wodumpha m'udzu. "Skip" ndi kuyenda modumphadumpha monga mwana wokondwa amene watumidwa kukagula mandasi, komanso kudumpha chingwe. "Vault" ndi kudumpha mpanda mutatsamira manja kapena mtengo. "Dive" ndi kulowa m'madzi mutu uli patsogolo kapena kumira dala, monga amachitira uja amapita pansi kukamanga ukonde wa nkacha ku nyanja ya Malombe. Mnyamata wongodziponya m'madzi kuchokera m'bwato kuti chubwi, mapazi ali patsogolo, ameneyo wachita "jump" basi.

Chodabwitsa n'chakuti pa mawu onsewa "jump" ndi mlendo. "Leap" ndi "hop" adalimo kale m'Chingerezi chakale zaka zoposa 1,000 zapitazo, pamene "jump" adayamba kuoneka m'zolemba cha m'ma 1500. Mlendoyo adafika n'kutenga chipinda chachikulu, eni nyumba n'kusamukira kukhonde.

Ana a sukulu amakumana ndi mawuwa tsiku la masewera. "Long jump" ndi kudumpha patali, "high jump" kudumpha m'mwamba, ndipo "triple jump" ndi kudumpha katatu motsatizana, kumene kale kunkatchedwa "hop, step and jump". Kuti muone kutalika kwa zimenezi, tengani tepi ya mmisiri muyese pabwalo. Mu 1968 ku Mexico City, Bob Beamon wa ku America adadumpha mamita 8.90. Padapita zaka 23 popanda womuposa, mpaka Mike Powell adafika mamita 8.95 ku Tokyo mu 1991. Javier Sotomayor wa ku Cuba adadumpha m'mwamba mamita 2.45 mu 1993, kutanthauza kuti adapitirira chitseko cha nyumba zathu ndi malo otsala. Jonathan Edwards wa ku Britain adafika mamita 18.29 pa kudumpha katatu mu 1995.

Ku masewera komweku kudachokera mwambi woti "jump the gun". Othamanga amadikira kulira kwa kamfuti, ndipo wonyamuka mfuti isanalire ndiye wachita zimenezi. Kuyambira 2010 lamulo la mipikisano ikuluikulu lidakhwima: kulakwa kamodzi kokha, watuluka. Usain Bolt yemwe uja adachotsedwa motero pa mpikisano wotsiriza wa mamita 100 ku Daegu mu 2011, dziko lonse likuonerera. Makolo athu adaziona kale poti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Lero mwambi wa Chingereziwo umanenedwa kwa aliyense wofulumira nthawi isanakwane, monga munthu wogula malata a nyumba ndalama za ku Joni asanazione m'manja. Mbale wake ndi "jump to conclusions", kuthamangira kuweruza nkhani usanaimve mbali zonse.

Tsopano tifike pamene ndikufuna makolo atchere khutu, pa liwu la "skip". Tanthauzo lake lachiwiri ndi kusiya chinthu n'kupita pa chotsatira. Mwana wojomba kusukulu, Angerezi amati wachita "skip class". Pa fomu ya boma kapena ya ntchito mukaona "skip to question 9", akuti mafunso apakatiwa asiyeni, pitani pa funso la 9. Pa foni, kabatani ka "skip" kamakuchotserani uthenga wa malonda. Zimenezi n'zopepuka. Zolemera zili pa kapepala kamene kamabwera m'bokosi la mankhwala.

Pamenepo pamakhala ziganizo ziwiri zofanana maonekedwe koma zosiyana ntchito. Choyamba ndi "do not skip doses": musadumphitse, imwani nthawi iliyonse imene mwauzidwa. Kwa munthu wa TB, amene mankhwala ake amatenga miyezi isanu ndi umodzi, kapena wa ma ARV, kudumphitsa kumapatsa mpata kachilombo kuti kazolowere mankhwala, ndipo pambuyo pake mankhwala omwewo sagwiranso ntchito. Chachiwiri ndi "skip the missed dose". Ichi chimalembedwa pofotokoza zochita ngati mwaiwala kumwa ndipo nthawi ya kumwa kwina yayandikira. Tanthauzo lake ndi lakuti amene mudaiwalawo asiyeni, pitirizani monga mwa masiku onse, musaphatikize awiri nthawi imodzi. Mwana amene akuwerengera agogo ake kapepalako, akangoona liwu la "dose" n'kunena kuti "akuti mumwe amene mudaiwala aja", wawapatsa mankhwala owirikiza. Kwa mankhwala a shuga kapena a BP zimenezi zingathe kugwetsa munthu. Palinso "do not skip meals", musadumphe chakudya, mawu amene odwala shuga amawapeza kawirikawiri. Amene ali ndi chiganizo chimenechi pa mankhwala ake akaonane ndi adokotala mwezi wa Ramadan usanafike, osati pa tsiku lachitatu la swaumu thupi litayamba kale kunjenjemera. Ndipo mankhwala sali ofanana onse, choncho kapepala kakakusokonezani, bwererani nako kwa amene adakupatsani mufunse m'chinenero chanu. Kufunsa sikulipiritsa.

Tisanachoke pa "skip", asodzi angafunse za "skipper", mkulu woyendetsa boti kapena sitima. Ameneyu sadumpha chilichonse. Dzina lake lidachokera ku liwu la Chidatchi lotanthauza sitima, kufanana kwa malembo kudangochitika.

"Jump" nayenso ali ndi tanthauzo la kulambalala chinthu chimene umayenera kuchilemekeza, ndipo apa m'pamene liwuli limanunkha mlandu. "Jump the queue" ndi kulowerera pamzere, khalidwe limene tonse taliona kuchipatala, kuchigayo ndi pomwetsera mafuta. "Jump a red light" ndi kudutsa maloboti atayaka ofiira. Koma lalikulu ndi "jump bail", kuthawa belo. Munthu akatulutsidwa pa belo sikuti mlandu watha ayi. Walonjeza kuti adzaonekera kukhoti tsiku limene wapatsidwa, ndipo nthawi zambiri pamakhala ndalama zachikole kapena abale amene adasaina kuti akumuimira. Akapanda kubwera, khoti limalamula kuti agwidwe, chikole chija chimapita, ndipo omuimira aja akhoza kulipira ndalama zimene adalonjeza. Akagwidwanso, belo yachiwiri imavuta kuipeza. Tsono mukalandira uthenga woti mwana wanu kapena mphwanu "has jumped bail", musasangalale poganiza kuti wapulumuka. Wawonjezera mlandu pa mlandu, ndipo ngati mudasaina ndinu, nkhaniyo yafika pakhomo panu. Ndi chifukwa chake munthu asamasaine pepala la belo mwa manyazi chabe, asanamvetse chimene akulonjeza.

Ku Zimbabwe ndi ku South Africa kuli dzina lina loti "border jumper", munthu wolowa m'dziko mosadzera pachipata, wopanda chidindo m'chiphaso chake. Anyamata athu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota amalidziwa bwino dzinali, ngakhale pofotokozera makolo amalipeputsa ngati nkhani yamasewera. Kudumpha kumene akunenako ndi kuwoloka mtsinje wa Limpopo chakufupi ndi Beitbridge, mtsinje wa ng'ona umene umadzaza nthawi ya dzinja, kudutsa m'tchire momwe achifwamba amadikira anthu, ndipo kwa ambiri mapeto ake ndi Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, kufupi ndi Krugersdorp. Liwu lachingerezilo ndi lopepuka ngati phada wa atsikana. Mayi amene akugulitsa mbuzi kuti apezere mwana ndalama ya ulendo ayenera kudziwa chimene chili kuseri kwake, ndi kufunsa mwanayo mwachindunji ngati ali ndi pasipoti ndipo adzera pachipata.

M'nyuzipepala "jump" amakonda kuyenda ndi mitengo ya zinthu. "Prices jump" ndi kukwera kwadzidzidzi, kosiyana ndi "rise" kumene kungakhale kwapang'onopang'ono. Ife sitifunika dikishonale pamenepa. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tidaona tokha shuga, sopo ndi mafuta a injini za maboti zikudumpha usiku umodzi. Munthu nayenso amachita "jump" akadzidzimuka, ndipo wosakhazikika mtima, wodzidzimuka ndi kalikonse, amati ndi "jumpy". Makaniko akati galimoto ikufunika "jump start", akunena zolumikiza batire yakufa ku batire ya galimoto ina ndi mawaya kuti injini ilire.

Nanga "jumper", chovala cha mphepo chimene ife timati juzi? Apa pali nkhani yokoma. Juzi yathuyi ndi "jersey", dzina la chilumba china cha pakati pa England ndi France kumene ankaluka zovala zotere. Koma "jumper" sikuti ndi chovala chodumphira. Akatswiri ambiri a mbiri ya mawu amalitsata liwuli mpaka ku dzina lakale la jekete lalifupi, lochokera ku Chifalansa "jupe", ndipo Afalansawo adalitenga ku Chiarabu: jubba, mkanjo womwe uja timauona pa masheikh athu. Ngati zili choncho, mwana wa ku London wovala juzi yake ya sukulu wavala mdzukulu wa jubba osadziwa. Chenjerani pogula zovala pa intaneti: ku America "jumper" ndi diresi ya mtsikana yopanda manja, ndipo juzi amaitcha "sweater".

"Spring" ndi liwu lina lolemera. Poyamba ndi kudumpha kwadzidzidzi, monga mphaka pa khoswe. Kuchokera pamenepo, chilichonse chotumphuka chidatenga dzinali: kasupe wa madzi ndi "spring", sipuling'i ya galimoto kapena ya bedi ndi "spring", ndipo nyengo imene zomera zimaphuka chisanu chitatha ndi "spring", kuyambira Malichi mpaka Meyi ku Britain, koma Seputembala mpaka Novembala ku South Africa. Ana obadwa kwa munthu ndi "offspring", mphukira zake. Kanyama ka ku South Africa kotchedwa springbok, kamene timu yawo ya rugby idatengako dzina, ndi mbawala yodumpha m'chinenero cha Afrikaans. Ndipo zipolowe zimene zidayamba ku Tunisia kumapeto kwa 2010 n'kufalikira ku Egypt, Libya ndi Syria mu 2011 zidatchedwa "Arab Spring" potengera nyengo ija, osati kudumpha. Pa Chiarabu nyengoyi ndi rabii, liwu lomwe lija lili m'dzina la mwezi wa Rabiul Awwal.

Pali abale ena amene adabisala kwambiri, ochokera ku liwu la Chilatini "salire", kudumpha. "Assault", mlandu womenya munthu, poyamba kudali kumudumphira. "Insult", kunyoza, kudalinso kudumphira munthu, koma lero ndi pakamwa. Ngakhale "results", zotsatira za mayeso a Fomu 4 zimene zimasowetsa tulo mabanja, tanthauzo lake lakale ndi chinthu chodumpha kubwerera kwa amene adachiponya.

"Leap" tidati ndi liwu la zinthu zazikulu, ndipo atsogoleri amalikonda. Ku China, Mao Zedong adatcha ndondomeko yake ya 1958 "Great Leap Forward" m'kumasulira kwa Chingerezi, kudumpha kwakukulu kopita patsogolo. Alimi adachotsedwa m'minda kukasungunula zitsulo, akuluakulu a m'maboma ankanama za kuchuluka kwa zokolola, ndipo pofika 1962 njala idali itapha anthu mamiliyoni ambirimbiri. Koma "leap" amene tonse timakumana naye ndi wa pakalendala, "leap year", chaka chimene Febuluwale amakhala ndi masiku 29.

Funso limene ana amafunsa ndi lanzeru: ngati tawonjezera tsiku, chadumpha n'chiyani? Yankho lili pa masiku a sabata. Chaka wamba chili ndi masiku 365, amene ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lotsala. Tsiku lotsalalo limachititsa kuti deti lililonse lisunthe ndi tsiku limodzi chaka chotsatira. Tengani 6 Julayi, tsiku la ufulu wa dziko lino. Mu 2022 lidali Lachitatu, mu 2023 Lachinayi. Mu 2024 mukadayembekezera Lachisanu, koma lidagwa Loweruka. Lachisanu lidadumphidwa, chifukwa 29 Febuluwale adalowa pakati. Kumeneko ndiye kudumphako. Aarabu adayang'ana mbali ina ya nkhani yomweyi: iwo amati sana kabiisa, chaka chimene mwaphatikizidwa tsiku, monga muja timakanikizira usipa wowonjezera m'thumba. Ena adaona chodumphidwa, ena adaona cholowetsedwa.

Chifukwa chake n'chakuti dziko limatenga masiku 365 ndi pafupifupi maola asanu ndi limodzi kuzungulira dzuwa. Maola otsalawo akaunjikana zaka zinayi amakwana tsiku. Koma popeza sakwana ndendende, kalendala imene Papa Gregory XIII adakhazikitsa mu 1582, yomwe Britain adailandira mu 1752 ndipo ife tidaitengera kumeneko, idaika lamulo lina: chaka chothera ndi 00 sichilandira tsikuli pokhapokha chigawike ndi 400. Motero 1900 sichidali chodumpha, 2000 chidali, ndipo 2100 sichidzakhala. Kalendala yathu ya Hijri siyesa n'komwe kuthamangitsana ndi dzuwa. Chaka chake ndi masiku 354 kapena 355, n'chifukwa chake Ramadan amabwera msanga ndi masiku khumi kapena khumi ndi limodzi chaka chilichonse, mpaka kuzungulira nyengo zonse pa zaka pafupifupi 33. Amene adamanga swaumu m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala cha m'ma 2004 akukumbukira.

Mwana wobadwa pa 29 Febuluwale asadandaule. Zaka zake zimawerengedwa monga za anzake onse, deti lokha ndilo limaoneka pakalendala kamodzi pa zaka zinayi.

Titsirize ndi misampha ya kalembedwe, chifukwa imadya malikisi a ana athu. Woyamba ndi "hopping" ndi "hoping". Makalata ndi mauthenga ambiri amayamba ndi "I am hopping you are fine". Wolembayo amafuna kunena kuti akuyembekeza kuti muli bwino, koma chimene walemba n'chakuti akudumpha ndi mwendo umodzi. "Hope", kuyembekeza, amataya "e" n'kukhala "hoping" ndi "hoped", "p" mmodzi. "Hop" amawirikiza: "hopping", "hopped". "Skip" chimodzimodzi: "skipping", "skipped". "Jump" sawirikiza, poti ali kale ndi "m" ndi "p" kumapeto: "jumping", "jumped". "Leap" ali ndi njira ziwiri zonenera zakale, "leapt" ndi "leaped", zonse n'zololedwa. "Spring" amasintha mkati ngati "sing": "sprang", "sprung".

Msampha wachiwiri ndi wa lilime lathu. M'Chichewa "l" ndi "r" sizisintha tanthauzo la liwu, ndipo m'Chiyao "r" mulibe n'komwe, koma m'Chingerezi "leap" ndi kudumpha pamene "reap" ndi kukolola, ndipo mukafupikitsa mawu apakati mwanena "lip", mlomo. Mwana amene amasiyanitsa laam ndi raa powerenga kumadrasa ali nalo kale khutu la ntchito imeneyi, angofunika kumukumbutsa kuti alitengenso popita kusukulu m'mawa.

Ntchito ya ana kope lino ndi iyi. Tsiku la 6 Julayi 2027 ndi Lachiwiri. Popanda kuyang'ana pafoni, pezani tsiku la sabata limene 6 Julayi adzagwere mu 2028, kenaka mufotokozere agogo anu m'chinenero chawo tsiku limene ladumphidwa ndi chifukwa chake.